Ocheka Matabwa a Hotela Yopanda Pulasitala

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinali pakamwa pa amuna awiri akuluakulu: amuna anga, ndi achimwene anga enieni obadwa nawo mimba imodzi. Nyumba zathu n'zoyang'anana, pakati pali kabwalo koti nkhuku imadutsa osapumira, koma mawu ochoka pakhonde ili kupita pakhonde ilo ankayenera kudzera mwa ine. "Kawauzeni achimwene anu kuti mbuzi yawo yalowa mu nazale ya fodya." Ine nyamu, ulendo. "Chemwali, ukawauze amuna akowo kuti nazale yopanda mpanda ndi msipu." Ine nyamu, kubwerera. Tsiku lina ndinayenda kasanu ndi kawiri pa nkhani ya wilibala, onse awiri ali khale pa makonde awo, akumva bwinobwino zomwe mnzawo akundituma. Ndinatopa nazo, ndipo sindibisa, zinkandipweteka mumtima, chifukwa anthu awiriwa ndimawakonda ngakhale onse ndi ouma mitu.

Asanadane anali ocheka matabwa odziwika kwathu kuno kwa Kaomba. Fodya tinkalima ngati wina aliyense, koma mabelo akangopita ku okushoni iwo ankanyamula sowo yawo, yaitali kuposa munthu, n'kumakachekera anthu malaina ndi bulugama. Kwa amene sanaonepo, ntchito yake imayenda chonchi: amakumba dzenje lofika m'mapewa, n'kugoneka chipika pamwamba pake, n'kulemba mizere ndi chingwe chonyika m'makala osinja. Wina amaima pa chipikapo, kukweza sowo ndi kulondola mzere. Wina amalowa m'dzenje kuikokera pansi. Achimwene anali a pamwamba. Amuna anga anali a m'dzenje, kuyambira chaka chomwe anachoka kwawo ku Chamama kudzakhala chikamwini kwathu. Ankabwera kunyumba ali mbuu, utuchi m'tsitsi, m'makutu, m'mphuno, ndipo ndikamachapa malaya awo utuchi unkayandama beseni lonse. Sanadandaulepo, kapena mwina ine ndiye sindinkamvetsera.

Chinawadanitsa ndi mabenchi a ku tchalitchi. Anacheka matabwa ake milungu itatu mongodzipereka, ndiye tsiku loyamba kukhalira mabenchiwo mkulu wa mpingo anaimirira kuthokoza. Anatchula achimwene, dzina ndi mfunda womwe, n'kuwonjezera kuti "pamodzi ndi owathandiza." Owathandizawo anali khale kumbali ya abambo atavala jekete yawo ya ukwati. Titatuluka, amuna anga anati moseka, koma kuseka kwa mano okha, "Alamu, chaka chamawa tisinthane, nanenso anthu andioneko." Achimwene pakamwa pawo sipachedwa. Anati, "Mkamwini pamwamba, mwini mudzi pansi? Ndiye kuti dziko lapendekeka." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo, ndipo kuseka kumeneko ndimakudandaula mpaka lero. M'mawa mwake amuna anga anakamasula chogwirira cha m'munsi pa sowo ija n'kudzachisomeka kudenga kwa khitchini yanga. Sowo inatsala kwa achimwene, chogwirira kwa ife, ndipo za matabwa zinathera pomwepo.

Chaka chachisanu ndi chimodzi cha udani umenewu, m'mbali mwa msewu waukulu, ukangotuluka pa boma kulowera ku Nkhamenya, munayamba kumera chinyumba. Mwini wake anali bambo wina amene analemera ndi malole onyamula mabelo. Ankati pansi pakhala mashopu, pogulitsira feteleza, pogulitsira mankhwala, pometera ndi podyera, ndipo pamwamba pakhala hotela ya zipinda zochepa zokha, ya anthu amene safuna phokoso. Ine ndinkapalasa njinga m'mawa uliwonse kukagulitsa zitumbuwa ndi thobwa kwa amisiri, ndiye ndinaona zonse kuyambira pa maziko.

Kuno ku Kasungu ukaona nyumba umadziwa mmene fodya anayendera. Malata atsopano, chaka chinali chabwino. Njerwa zolekezera pa windo n'kumera udzu, mitengo inagwa ku okushoni. Pulasitala ndi penti, munthuyo wafikapo. Ndiye titamva kuti chinyumba chimenechi sichidzapakidwa pulasitala kapena penti, chidzangokhala konkire yotuwa choncho mpaka kalekale, tinamumvera chisoni mwini wake. Amayi anzanga ogulitsa nawo anati malole aja ayenera kuti akufa limodzilimodzi. Mmisiri wina wa pulasitala, amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa ntchito, atauzidwa kachitatu kuti palibe chopaka anachoka akupukusa mutu ngati akuchokera pa maliro.

Wojambula mapulani a nyumbayo anali mayi wachitsikana wochokera ku Lilongwe, wamfupi, wa jombo zazikulu ndi chipewa cholimba chomwe chinkangomugwera m'maso. Tinkangomuti mayi wa mapulani. Ankadya zitumbuwa zanga ziwiri tsiku lililonse ali chiimire, ndipo tsiku lina ndinamufunsa maso ndi maso ngati bwana wake zinthu zamuvuta. Anaseka mpaka kutsamwa. Kenaka anandionetsa chithunzi pa foni: makoma okhuthala, makonde otambalala oti mthunzi wake ufike mpaka pansi, mawindo olowa m'kati kuti dzuwa la Okutobala lisawapeze, khoma lina la mabowo okhaokha, zomera zikulendewera kuchokera pamwamba. Mtengo wa mango umene anaupeza pamalopo sanaudule, anati nyumba iuzungulire. Anati mphepo izilowera m'munsi n'kutulukira pamwamba popanda makina oziziritsa, ndipo nzeru imeneyo anaitenga pa zigafa zathu zoumitsira fodya.

"Ndiye alendo anuwo mukufuna muziwayanika?" ndinafunsa.

"Eya mayi, kungoti sitidzawadinda m'mabelo," anayankha.

Ndinamukonda kuyambira tsiku limenelo, ngakhale nyumba yakeyo kwa ine inali balani ya fodya yomwe yapita kusukulu.

Zitumbuwa zanga ndinkaika pa kabenchi kakale komwe ndinkasungitsa kwa alonda. Kanali ka thabwa limodzi la malaina losapala, lotsala pa mabenchi a ku tchalitchi aja, ndipo ndinkaliphimba ndi nsalu chifukwa cha manyazi. Tsiku lina kamvuluvulu anandiulutsira nsalu ija. Mayi wa mapulani anasiya kutafuna. Anagwada pa fumbi n'kuyamba kusisita thabwalo ngati mutu wa mwana wodwala. Mizere ya mano a sowo inkaoneka yonse, yopendekeka pang'ono, ina yoyandikana, ina yotalikirana, koma yotsatana bwino kuyambira uku mpaka uko.

"Anacheka ndani ili?" anafunsa.

"Pepani, sanalipale. Linali lotaya."

"Musapepese mayi. Ndakhala ndikulifunafuna miyezi itatu."

Anandifotokozera kuti makoma a nyumbayo samanga ndi njerwa. Amakhoma chikombole chachikulu cha matabwa, chotalika ngati khoma lenilenilo, n'kuthiramo konkire. Ikauma amakanganula matabwawo, ndipo konkire imatsala ndi zizindikiro za chilichonse chomwe inagonera, monga mmene tsaya limadzukira ndi mizere ya mphasa. Makoma a kumbuyo ndi a mashopu anali atathira kale ndi matabwa a makina. Koma khoma lalikulu la polowera alendo, lokwera kuyambira pansi mpaka kudenga, ankafuna likhale ndi mizere ya sowo ya manja, ndipo ocheka ndi manja anali atasowa, aliyense anathamangira makina a petulo. Anafunsa ngati amene anacheka thabwa langalo adakali moyo.

"Ali moyo," ndinatero, "ndipo ali ndi mphamvu zambiri zosowa ntchito."

Ndinavomera ntchitoyo pomwepo, m'malo mwa anthu awiri amene sanapatsane moni zaka zisanu ndi chimodzi. Pobwerera pa njinga ndinkadzifunsa kuti kodi ndalodzedwa ine. Koma mumtima ndinkadziwa chomwe ndinkafuna. Za hotela ndinalibe nazo ntchito kwenikweni. Onse awiri imvi zinali zitayamba kale, achimwene ankamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinkaopa kuti wina adzakumba manda a mnzake asanalankhulane.

Nditafika ndinaima pakati pa bwalo kuti ndinene kamodzi onse amve, miyendo yanga ipumeko. Ndinafotokoza zonse, za chikombole, za khoma, za benchi. Amuna anga anayamba ndi kudandaula. "Matabwa osapala, aonekere pa msewu waukulu? Anthu adzati tinalibe chopalira." Achimwene anayang'ana kumwamba ngati akuona ngati kubwere mvula, n'kuti, "Chemwali, ukawauze a mapulaniwo kuti ntchitoyo ndiigwira ine. Munthu wa m'dzenje sasowa." Amuna anga anadzuka pa mpando. "Amayi, mukawauze kuti ndiigwira ine. Sowo si imodzi yokha pa dziko lino." Ndinawayang'ana onse awiri n'kulowa m'nyumba, chifukwa zomwe zinabwera pakamwa panga sizinali za munthu wa mu mpingo.

Amuna anga anakabwereka sowo yadzimbiri ku esiteti ina, n'kutenga bambo wina wa ku Phalombe, tenanti wa pa esitetipo, munthu wabwino mtima amene anali asanagwirepo sowo chibadwire. Amuna angawo anakwera pamwamba koyamba m'moyo wawo. Matabwa amene anatuluka pamenepo, uku kokhuthala ngati buledi, uku kopyapyala koti uwerengerepo nyuzi. Achimwene nawo anazungulira midzi itatu kufuna munthu wa m'dzenje amene ankati sasowa uja, osamupeza. Wina ankati chifuwa, wina ankati msana. Ndiye anakacheketsa matabwa pa makina mwakabisira, n'kukhala kuseri kwa nkhokwe masiku awiri akuwakanda ndi chikwanje kuti aoneke ngati a manja. Ndinawaona, iwonso anaona kuti ndawaona, ndipo anangoti, "Iwe, pita uko."

Mayi wa mapulani sanakane chilichonse ndi pakamwa. Anauza amisiri ake athire timakoma tiwiri toyeserera, tofika m'chiuno, pafupi ndi geti, kena ndi matabwa a amuna anga, kena ndi a achimwene. Atakanganula, ka amuna anga kanatuluka ndi mimba, konkire itadontha m'mipata n'kuuma ili lende. Ka achimwene kanali ngati pomwe nkhuku zapalasa. Anandiitanira pambali, anthu asamve.

"Mayi, amene anacheka benchi yanu si awa, komanso si awa."

"Ndi onse awiri," ndinatero.

"Ndiye ndikufuna onse awiri."

Anati adikira mpaka mwezi utha basi, chifukwa khomalo liyenera kuthiridwa mvula isanayambe. Zikakanika athira ndi matabwa a makina ngati makoma ena aja, nkhani ithe. Timakoma tiwirito anatisiya pa geti pomwepo, ndipo a kabaza anayamba kutsamiritsapo njinga zawo. Pasanathe sabata aliyense pa boma ankadziwa kuti aka ndi ka alamu awa, ako ndi ka alamu awo. Wina anandifunsa pa msika ngati kunyumba kwathu timagona m'chipinda cha mimba kapena cha nkhuku.

Tsiku limenelo mtima wanga unafika pakhosi. Nditangotsika pa njinga ndinakwera pa mpando, n'kusolola chogwirira chija kudenga kwa khitchini, chili bii ndi mwaye wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinalowa kwa achimwene osaodira, n'kukoka sowo yomwe anaikulunga m'masaka kuseri kwa chitseko. Alamu anga aakazi anangondipatuka, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinawaona akumwetulira. Ndinaponya zonse ziwiri pakati pa bwalo, sowo n'kulira kuti ngwee.

"Mwandichititsa manyazi mokwanira," ndinatero. "Ine ndinapereka mawu anga kwa mwana wa eni ake. Zipika azitula kale m'mphepete mwa dambo. Mawa ndikupita kumeneko. Amene safika asadzanditumenso, kaya ndi za mbuzi, kaya ndi za maliro. Muzidzalemberana makalata."

Aliyense analowa m'nyumba mwake. Koma m'mawa nditatuluka kukasesa ndinapeza sowo ili pomwe ndinaiponya paja, mano ake akuwala, atanoledwa ndi tupa limodzilimodzi, ndipo chogwirira chitapukutidwa n'kumangidwa m'malo mwake. Kunola inali ntchito ya achimwene kuyambira kale, kumanga chogwirira ya amuna anga. Sindikudziwa kuti anapatsana bwanji mpata osakumana, ndipo sindinafunse.

Ku dambo anakumba dzenje aliyense mbali yake, atapatsana nkhongo. Anagubuduza chipika, analemba mizere, achimwene anakwera, amuna anga anatsika. Ine ndinakhala pa chitsa, ndipo ntchito yanga yakale inayambiranso. "Chemwali, auze akoke mowongoka." Ndinawerama kuyang'ana m'dzenje. "Akuti mukoke mowongoka." Kuchokera pansi: "Auzeni mzere ausiya kumanzere kwawo." Ndinakweza mutu. "Akuti mzere mwausiya kumanzere." Pakati pa phazi la uyu ndi mutu wa uyu panalibe ngakhale mkono umodzi. Ngakhale ng'ombe zomwe zinkadya pa dambopo zinkasiya udzu kutiyang'ana.

Tsiku loyamba sowo inkakakamira, kuima, kulumpha. Tsiku lachiwiri dzuwa lisanafike pamutu ndinamva kulira kuja komwe ndinakuiwala, khwee, khwaa, khwee, khwaa, kosadukiza. Manja awo anali asanadane ayi. Ndinazindikiranso kuti zomwe ankandituma zinali zongondivutitsa. Wa pansi akafuna kupuma ankangolemeretsa dzanja pang'ono, wa pamwamba n'kumva. Wa pamwamba akafuna kukhota ankangopotoza chogwirira, wa pansi n'kutsatira. Tsiku lachitatu ndinaimirira, n'kukutumula chitenje changa, n'kuti, "Sowoyi ikukutumikirani bwino kuposa ine. Ndikupita ku zitumbuwa zanga." Onse awiri anandiyang'ana ngati ndawasiya pakati pa mtsinje.

Mayi wa mapulani anabwera kudzaona kumapeto kwa sabata. Anayeza matabwa, anawasisita, anawanunkhiza ndi kuwanunkhiza, n'kupempha kuti azilemba manambala ndi khala motsatana ndi mmene achekedwera, kuti pa khoma adzaime mu ndondomeko yomweyo. Amuna anga anamupempha, chipewa chili m'manja, kuti awalole kupala ngakhale kamodzi kokha, mopepuka, anthu asadzawanyoze. Anawalola m'mbali mokha, kuti matabwa azigwirana konkire isadonthe. Kumaso anati musakhudze bambo, chonde. Amuna anga anavomera, koma ndinkawaona akamadutsa pa mulu wa matabwawo, dzanja likuwayabwa.

M'kati mwa sabata yachiwiri ndinawapititsira chakudya masana. Kunkatentha koti dothi linkawotcha kudzera m'patapata. Ndili patali ndinaona kuti china chake sichili bwino. Munthu wa pamwamba anali wamtali, wowonda, ataima motangadza ngati akuwoloka pa mlatho wa mtengo umodzi. Anali amuna anga. Ndinathamanga poganiza kuti achimwene agwa. Ndinawapeza m'dzenje, ali mbuu, akukoka sowo, maso ali psuu.

Zomwe zinachitika ndinazimva kwa amuna anga patapita masiku. Akuti ali pansipo ankaona mapazi a achimwene akunjenjemera pa chipika. Kawiri konse anadzandira, chizungulire chitawagwira, n'kudzigwira ndi sowo. Kachitatu amuna anga anangosiya kukoka, n'kutuluka m'dzenje, n'kukaima poteropo akuyang'ana ku phiri ngati aliona koyamba. Achimwene anatsika, anamwa madzi, anakhala pansi nthawi yaitali. Anayang'ana chipika, anayang'ana dzenje. Masiku anali atatsala ochepa, zipika zidakalipo zinayi. Kenaka anavula chipewa chawo, n'kuchikoleka pa chitsamba, n'kutsikira m'dzenje muja.

Ine ndinaika chakudya pansi osanena kanthu, ndipo amene amandidziwa akudziwa kuti zimenezo si zapafupi kwa ine. Amuna anga pamwamba paja sankadziwa kuyenda chobwerera, ankangoyang'ana mapazi awo m'malo moyang'ana mzere. Achimwene ankawawongolera kuchokera pansi, kukoka mokhotetsa pang'ono uku akutsokomola ndi kulavula. Matabwa atatu oyamba anatuluka mizere yake ili yokhotakhota, ngakhale kukhuthala kwake kunali kololeka. Lachinayi linawongoka.

Tsiku limenelo achimwene atafika kunyumba, galu wawo yemwe anawauwa. Alamu anga aakazi anaseka mpaka kugwira chipupa, n'kuwafunsa ngati akuchokera ku chigayo. Iwo sanaseke. Anakhala pa khonde nthawi yaitali akumina, akuchotsa utuchi m'makutu ndi kamtengo, akuyang'ana khonde lathu. Ine ndinakhala pafupi ndi chitseko kudikira kuti anditume. Sananditume. Anacheka choncho masiku asanu otsalawo, achimwene pansi, amuna anga pamwamba, mpaka lole inabwera kudzanyamula matabwa. Ndiye aliyense anakwera njinga yake, wina kutsogolo, wina kumbuyo, ngati anthu ongokumana pa msewu. Ndinalira tsiku limenelo, ndekha m'khitchini. Ndinati ndachita zonse zomwe ndikanatha, hotela yapeza khoma lake, ine ndatsala ndi anthu anga awiri omwe aja.

Amisiri anakhoma chikombole, matabwa ali chiimire motsatana manambala, kuyambira kumanzere kupita kumanja. Anathira konkire tsiku lonse, n'kuisiya masiku angapo akuithirira madzi. Tsiku lokanganula mayi wa mapulani anatiitana tonse atatu. Amuna aja anavala majekete, aliyense payekha, ndipo anafika motalikirana mphindi zisanu kuti anthu asaganize kuti abwera limodzi.

Aka kanali koyamba kuti ndilowe m'kati mwenimweni. Panja kunali ng'anjo, mitambo ya mvula yoyamba itangoyamba kusonkhana, koma titangodutsa pansi pa khonde lija thukuta linauma. Mphepo inkalowa m'mabowo a khoma n'kutipita m'miyendo. Mango uja anali pakati, ali ndi zipatso zake ngati palibe chachitika. Kumwamba kunali mipopi ya konkire yotulukira kunja, yoti madzi a mvula azitsikira pa unyolo kugwera m'miyala. Zonse zinali zotuwa, zolemera, zopanda maluwa ojambula kapena kalikonse konyezimira. Ndinanong'oneza mayi wa mapulani kuti balani yake ikuzizira bwino, ndipo anati akalemba mawu amenewo pa chikwangwani.

Amisiri anayamba kukanganula matabwa limodzilimodzi. Ine ndinkayembekezera kuona khoma la simenti basi. Koma chomwe chinatuluka chinali matabwa omwe aja, atasanduka mwala. Mfundo iliyonse ya malaina inalipo, mitsempha ya mtengo inalipo, ndipo mano a sowo anali atalemba mzere uliwonse, kukoka kulikonse, kuyambira pansi mpaka kudenga. Kuwala kunkatsika pa mpata wa pamwamba n'kumayenda cham'mbali, mizere yonse n'kuima ngati mungaitole ndi zala. Mmisiri wa pulasitala uja analipo, atabwera kudzaonera. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa kuti matumba asanu ndi atatu a simenti akanakwana kubisa zonsezi, koma ananena ngati munthu amene sakukhulupiriranso mawu ake.

Kwa alendo khomalo ndi lokongola basi. Kwa ife atatu linali ndi zambiri. Kumanzere kwenikweni mizere inali yodukaduka, pomwe sowo inkakakamira tsiku loyamba. Kenaka inkayenda bwino, thabwa ndi thabwa, mpaka kupitirira pakati. Pamenepo panali matabwa atatu okhotakhota. Kupitirira apo mizere inawongokanso, koma yopendekera mbali ina, chifukwa dzanja la pamwamba linali litasintha.

Mayi wa mapulani anaima pa matabwa atatuwo. "Awa ndiye andisangalatsa kuposa onse," anatero. "Chinachitika n'chiyani apa?"

Anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo poti ndi mwana wanzeru, anakumbukira mwadzidzidzi kuti amisiri akumufuna kumbuyo, n'kuwatenga onse kupita nawo.

Tinatsala atatu. Achimwene anasendera n'kuika chikhatho pa thabwa loyamba la atatu aja. Anachiyendetsa pang'onopang'ono kutsika nacho, mpaka anawerama. Kenaka anakonza kukhosi, ndipo ine mwachizolowezi ndinasendera pafupi kuti ndilandire uthenga.

"Alamu," anatero.

Amuna anga anayang'ana ine.

"Ndikunena inu, alamu. Ine masiku asanu ndi limodzi okha, chifuwa mpaka lero chikundiwawa. Zaka zonse zija, inu munkapuma bwanji m'dzenje muja?"

Amuna anga anayamba kukanda konkire ndi chikhadabo ngati akufuna kuona ngati yaumadi.

"Sindinkapuma bwino, alamu," anatero. "Ndinkangodikira kuti mwina tsiku lina mudzafunsa."

Achimwene anavula chipewa n'kuchipinda m'manja. "Ndachedwa," anatero.

"Mwachedwa ndithu."

Anaima choncho, mapewa atatsala pang'ono kugundana, onse akuyang'ana khoma. Patapita kanthawi achimwene analoza thabwa lachiwiri la okhota aja n'kunena kuti apa ndiye alamu munkayenda ngati mwaledzera, ndipo amuna anga anati ayi, ameneyo anali wa pansi amene ankakoka ali chitsinzire. Ndinawasiya akukangana. Ndinapita kukakhala pansi pa mango paja.